Masekondi makumi awiri a bambo Tewksbury

Lachiwiri, 5 Marichi 2013

Msonkhano wa zaumoyo lero masana, muholo ya ozimitsa moto. Patsogolo madokotala awiri otumidwa ndi boma, kudzamva ngati zoswa miyala ya pansi pofuna gasizi zikudwalitsa anthu kuno. Pambali pawo mayi wolemba mawu onse. Chosalembedwa sichiwerengedwa, anatero. Aliyense mphindi zitatu. Wotchi ndi belu kwa ine mlembi wa tauni, monga mwa nthawi zonse.

Wa nambala 14, a Orrin Tewksbury, aneba athu akumunsi. Zaka 78, jekete la kutchalitchi, pepala m'manja. Anafotokoza za akazi awo a Lenora: kamfuno kawiri pa sabata, zidzolo m'mikono, kasupe wawo kununkha ngati palafini. Kenako: "Chilimwe chatha ndinaona galimoto ya thanki ikutaya madzi pa kamlatho kumtunda kwa kasupe, ndipo thankiyo inali..."

Ngwee! Belu. Wotchi ili pa 2:40, kutatsala masekondi makumi awiri.

Ndinaliza dala. Palibe anaona. Anapinda pepala n'kunena kuti zikomo.

Lachitatu, 6 Marichi

Thankiyo ndi ya Merle, mwamuna wanga. Yoyera, chitseko chofiira chomwe anaikapo atagunda gwape. Chigwa chonsechi palibe ina yotero.

Unali Ogasiti wapitayu. Amayenera kukataya madzi oipa a m'zitsime za gasi ku Ohio. Anabwerako msanga ndi maola atatu. "Mzere wa kumeneko ndi wautali, mayi. Ndangothirira fumbi la mumsewu." Ndinaseka. Ine amene, kuseka!

Ntchito ikatha, inshuwalansi ya chipatala yatha. Mankhwala ake a shuga tikagula ndi chiyani? Ndimadziuza zimenezi. Sizikundigwira mtima.

Loweruka, 9 Marichi

Kugolosale. A Lenora ndi zigubu zisanu ndi chimodzi za madzi akumwa, thonje m'mphuno. Ndinawanyamulira mpaka pa galimoto. "Darlene iwe, unaoneka bwino patsogolo paja, ngati jaji!" Bola akanandimenya khofi.

A Dwight, wapampando wathu, nawonso: "Ndimakudalira ine. Belu lako siliona nkhope." Eya, zikomo bwana.

Ndaphika nyama ndi mbatata. Yanga ndaisiya m'mbale.

Lachinayi, 14 Marichi

A Orrin ku ofesi, chipewa m'manja. Ndinati basi, adziwa.

Ayi. Anabwera kudzapepesa. Kupepesa ine! "Tinayeserera kukhitchini kasanu ndi kawiri, Lenora atagwira kawotchi kophikira mazira. Nthawi zonse ndimatsiriza belu lisanalire. Koma ukalambawu, mwanawe, pagulu lilime limalemera. Ndinakuvutitsa."

Akuti a Lenora anawakalipira njira yonse yobwerera, ati anachedwa ndi kutsokomola.

Ndemanga zolemba a boma aja akulandirabe, bola chidindo cha positi chisapitirire pa 22. Andisiyira pepala lija kuti ndiwataipire n'kuwatumizira. "Malembedwe angawa madokotala sangawerenge. Iwe sungalakwitse." Asainiratu m'munsi mwa pepala loyera. Mpaka pamenepo kundikhulupirira.

Atatuluka ndinadzitsekera m'chimbudzi.

Lachiwiri, 19 Marichi

Ndataipa. Mzere wotsiriza: "yoyera, ya chitseko chofiira." Sanatchule dzina. Sindikudziwa ngati n'kusadziwa kapena chifundo. Amationa tikudutsa tsiku lililonse.

Ndataipanso lina lopanda mzerewo. Likuwerengeka bwinobwino, palibe angadziwe. Onse awiri ali m'dilowa. Pepala losainidwa ndi limodzi lokha, ndipo likadali loyera.

Ndamufunsa Merle pa kadzutsa, kangati anataya pa kamlatho paja. Akuti: "Kanayi, mwina kasanu. Aliyense amatero, iwe! Ukufuna tizidya chiyani, mapepala a misonkhano yakoyo?" Kenako motsitsa mawu: "A Lenora zikuwayendera bwanji?" Chitsiru cha munthu. Ndimamukonda, ndicho chovuta chake.

Za belu sindinamuuze. Angandithokoze, ndipo zimenezo sindingapirire.

Lachinayi, 21 Marichi

A Lenora anakomoka pochapa dzulo. Chipatala, kuyeza magazi. Dokotala akufunsa zomwe zinalowa m'kasupe. A Orrin sadziwa. Akampani ya gasi ati ndi chinsinsi chawo.

Merle ali ndi mapepala a katundu aliyense amene ananyamula. Ali m'bokosi la nsapato pamwamba pa firiji. Ndimapukuta fumbi pamenepo Loweruka lililonse.

Lachisanu, 22 Marichi

Positi amatseka 4 koloko. Ndinafika 3:35, n'kukhala m'galimoto injini ikulira. Wotchi ija ili m'chikwama, sindikudziwa ndinaitengeranji. Ndinaiyatsa, ndione kuti masekondi makumi awiri n'chiyani. Ndinawerenga mzere wa a Orrin mokweza, mwa liwiro lawo lomwe. Unatha pa sekondi ya 12. Akanatsiriza, n'kutsalako nthawi yonena zikomo.

Ndatumiza la chitseko chofiira. Ndaikamonso langa: dzina la dalaivala, kuti ndine mkazi wake, kuti belu ndinaliza pa 2:40. Bokosi la nsapato ndakasiya kwa dokotala wa a Lenora.

Ndaphika zomwe Merle amakonda, ngati zingathandize. Thanki ikulowa pampanda tsopano. Chitseko chija, phwaa. Merle akuimba likhweru. Akupukuta mapazi pa...