Njere 91 za Tisauke

Lachitatu, Okutobala 1957, Sinda

Lero kwatentha koopsa. Mitambo yada kum'mawa, koma mvula osagwa. Mtima wanga suli m'malo.

M'mawa Ahedi, a Phiri, analowa m'kalasi mwanga kudzandionetsa kaphunzitsidwe ka nambala zosagawika, zija zimene ukazigawa mofanana pamakhala chotsala nthawi zonse. Analemba 91 pabolodi nati, "Iyi sigawika. Ndi 2 ikukana, ndi 3 ikukana, ndi 5 ikukananso. Basi, lembani." Pa 7 sanafikepo.

Nthawi yopuma Tisauke, mwana wa mayi wamasiye uja, anayala njere za chimanga pansi monga ndinawaphunzitsira ine ana a m'kalasi mwanga. Anapanga mizere 7, uliwonse wa njere 13, ndipo sipanatsale ngakhale imodzi. Anzake anaunjikana. Ahedi atafika anayang'anitsitsa kwa nthawi, kenaka anafafaniza ndi nsapato.

"Wakuphunzitsa mwano ndani?"

Mwanayo anangondiyang'ana. Ine ndinazolika. Ahedi anamukwapula katatu ndili chiimire pomwepo.

Titaweruka Ahedi anandiitana. Akuti Lachisanu kukubwera oyendera sukulu, ndipo lipoti la ntchito yanga adzalemba ndi iwo Ahediwo. "Aphunzitsi, mudzabwereze phunziro lija monga ndaliphunzitsira ine. Mwamva?" Ndinati ndamva.

Njere zija ndatola, zili m'thumba la malaya anga. Ndaziyala kawiri patebulo, ndipo kawiri konse zakwana bwinobwino. Lachisanu Tisauke adzakhala pabenchi yakutsogolo, maso ali pa ine, ndipo ndikadzangolemba 91 pabolodi...