Mchere umene wadzutsa Yohane

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tili bwino, ndipo nkhani ndi yokoma: mng'ono wanu Yohane watsegula maso!

Atagwa pa njinga yamoto ku Lizulu kuja, adokotala anati ubongo watupa, ndiye amuika dripi ya madzi a mchere wambiri kuti aphwetse chotupacho. Amayi mukuwadziwa mmene amaopera mdulo. Anagwira anamwino dzanja, amvekere, "Wathira mcherewo ndani? Mungandidulire mwana." Anamwino anati umabwera wothira kale kufakitale, ndipo amayi analola monyinyirika.

Dzulo Yohane anandifinya chala n'kunditchula dzina. Sanayambe kuyenda, choncho musaleke kupemphera, komanso mumutumizire helemeti.

Amayi tsopano akuuza wodi yonse kuti mchere wa kufakitale ulibe mlandu. Ambuye akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Esinati