Manja a mu laputopu ya a Yoswa

Lolemba, 7 Okutobala

Nditafika kumjigo azimayi onse anayamba kunong'onezana. A Lidia, amayi anga aakulu, anandikokera pambali. "Make Sharon, amuna akowa amachita chiyani m'nyumba masana onse, chitseko chotseka?" Ndinati amasewera gemu. Akuti mwana wawo anasuzumira pawindo, anaona manja atagwira jakisoni, magazi mbwee, munthu akubuula.

Nkhani ya anamapopa yayambanso. Akuti mudzi wina cha ku Malomo atentha nyumba ya mlendo. Kaya ndi zoona. Amuna angawa, a Yoswa, ndi mkamwini pano, alibe m'bale ngakhale mmodzi. Abwera kuchokera ku Joni mwezi watha ndi laputopu ndi sola.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Ndakhala kumbuyo kwawo kuonerera, Sharon ali kubere. Ndimafuna ndione ndi maso anga.

Mugemumo dziko linatha. Mabomba. Nyumba zilibe madenga, galimoto zadzimbiri, udzu wamera pakati pa msewu. Anazijambula bwino, sindinama. Mphepo ikamaomba umamva ngati ya Julaye kuphiri. Galu atauwa ine ndinacheuka kuyang'ana pakhomo pathu.

Munthu wake saoneka. Manja okha ndi mfuti. Akavulala amadzibaya jakisoni pamkono n'kuchira pompo. Jakisoni wa a Lidia ndi ameneyo.

Ndinawauza zakumjigo. Anaseka. "Anthu a kwanu kuno," basi, n'kuvala mahedifoni.

Lachitatu, 9 Okutobala

Maliro a agogo a Vinsenti, aneba athu. Amuna onse analawira kumanda kukakumba. A Yoswa anali ndi mahedifoni, uthenga sanaumve, ine ndinali kale kusiwa. Iwo afika anthu akubalalika. A Langton, achimwene a kubanja kwathu amene akutsogolera anyamata olondera mudzi, anangoti, "Alamu, mwatanganidwa masiku ano." Palibe anaseka.

Lachinayi, 10 Okutobala

Ana a anthu aleka kudutsa pabwalo pathu, akuzungulira kuseri kwa khola.

Lachisanu, 11 Okutobala

A Yoswa ali kudimba ndinayatsa ndekha. Ndinaona kale pamene amadina. Kuyenda ndi dzanja lamanzere, kuyang'ana ndi lamanja. Poyamba ndimangoyang'ana kumwamba n'kumagunda khoma. Mutu unazungulira ngati ndili mu minibasi yotsika ku Dowa.

Chabwino chake, imakugwira. Zipolopolo n'zochepa, ndiye suwombera mwachisawawa, umayenda monyang'ama, kumvetsera. Ndinalowa m'nyumba ina yakugwa, ndinapeza kansapato ka mwana pabedi. Ndinakhala pamenepo nthawi ndithu. Nyemba zinapserera.

Koma zina n'zabodza. Munthuyu wanyamula mfuti zambirimbiri, chigubu, zitsulo, akuthamanga osatopa. Ndinayang'ana pansi, alibe miyendo. Dziko lonselo palibe wolima. Malo onsewo, mvula ikugwa, palibe wabzala ngakhale chigwada, angodya za m'zitini. Zitseko zina sizitseguka ngakhale uli ndi nkhwangwa m'manja. Anthu ake amayankhula Chingerezi chothamanga, ndipo mlonda wina anandiuza mawu omwewo nthawi iliyonse ndikadutsa. Penanso chithunzi chimangouma, kudikira mpaka kutopa.

Ndinakumana ndi munthu panjira. Ndinafunafuna podina kuti ndimupatse moni. Palibe. Ndinadina pena, mfuti inalira. Wagwa.

Ndinatseka laputopu.

Loweruka, 12 Okutobala

Ndikulemba mwachangu. A Vinsenti abwera mobisa kuseri kwa bafa. Akuti anyamata agwirizana, mawa akatuluka kutchalitchi abwera kudzafufuza m'nyumba. Akuti ena akunena za petulo. Akuti ine ndi mwana tikagone kwa amayi.

Ndinauza a Yoswa kuti athawire kwawo. Akana. "Ndikathawa ndiye ndavomera." Ndinati ndiye tiponye chinthucho m'chimbudzi. Akuti akapeza palibe adzati tabisa. Apa sanaseke. Sanayatsenso lero, angokhala pamphasa kuyang'ana chitseko.

Ndamanga zovala za Sharon m'chitenje, buku lake la sikelo ndaika mkati. Laputopu ndaitchaja yadzaza. Sindinawauze chifukwa.

Lamulungu, 13 Okutobala

Sindinadikire kuti abwere. Misa itangotha ndinabereka Sharon, laputopu ndinaisenza m'lichero, ulendo pa mtengo wa mango wa a Lidia pamene anyamata amasonkhana. Analipo ambiri, zikwanje, wina chigubu chaching'ono. A Yoswa ankanditsatira chapatali.

Ndinagwada, ndinati, "Achimwene a Langton, chopopera magazi chija ndi ichi. Yesani nokha."

Anthu anabwerera m'mbuyo. A Lidia anachita chizindikiro cha mtanda. Ndinayatsa, ndinakweza mawu. Manja aja anatulukira, ndinadina jakisoni. Mwana wa a Lidia anakuwa, "Ndi omwe aja!" Wina anafunsa kuti magaziwo amapita kuti. Ndinatembenuza laputopu, ndinaigwedeza. Munagwa nyerere imodzi.

A Langton anakhala pampando, chikwanje anachiika pansi chifukwa pamafunika manja awiri. Anayang'ana kumwamba, anagunda khoma. Atafika pamlatho wina mugemumo chinatuluka chilombo chonga galu wopanda ubweya, anakuwa "Mayo!" n'kugwa chagada ndi mpando womwe. Anthu anafa nako kuseka. Gemu inawadzutsa, anafanso pomwepo. A Vinsenti akuti, "Mlonda wathu ameneyu?"

Kenako aliyense anali mphunzitsi. Pita kumanzere! Bisala! Abambo ena anakwiya kuti munthuyu akudutsa malata abwinobwino osatola. A Yoswa anayandikira pang'onopang'ono, anagwada pambali pa a Langton, n'kumawasonyeza podina.

Batire inatha a Langton asanawoloke. Wachigubu uja sindinamuone pamene anachokera. Izi ndiye sizinandisangalatse.

A Lidia akuti ngakhale zili choncho, chinthu chodzutsa akufa si chabwino. Chitenje cha Sharon sindinamasule.

Lolemba, 14 Okutobala

M'mawa ndikusesa m'nyumba, chitseko gogogo. Mwamphamvu. Ndinanyamula Sharon, ndinaima pawindo lakuseri, mwendo umodzi uli kale kunja. A Yoswa anatsegula pang'ono.

A Langton. Okha, manja ali m'thumba.

"Alamu, mwadzuka bwanji? Mawa tikukafolera nyumba ya amasiye, musavale zam'makutu zanuzo." Anakhosomola. "Komanso pamlatho paja. Ndaganiza kuti tikadzere kunsi, m'madzi. Yatchaja?"