Magazi a Kuchimuna

3 Okutobala
Alamu anga a Clotilda aimba foni ali kuchipatala ku Blantyre. Awachotsa bere. Khansa. Yomweyo inatenga apongozi anga, kenaka mng'ono wawo wa a Clotilda, Veronika. Adokotala akuti imeneyi imayenda m'magazi, ngakhale kudzera mwa bambo. Ana aakazi a malemu amuna anga akayezedwe asanadwale. Wanga ndi mmodzi basi, Thokozani, nayenso ali ndi khanda kumsana.

5 Okutobala
Kwa achimwene a Geresomo kwa Malemia, poti mwinimbumba ndi iwo. Aseka. “Mwana ndi wa kuchikazi, mlongo. Ife amayi athu anamwalira mano onse ali m'kamwa. Za Asena akuchimunawo azithane okha.” Maliro awiri aja anapitako, anadya, anaona. Lero akuti sizikutikhudza.

6 Okutobala
Kutentha. Mbuzi yathawanso. Thokozani akuti amalume anena kale, komanso mwamuna wake asamve. Akamva azimuyang'ana ngati mtembo. Wandiuza kuti, “Inu amayi mumaopa ndi chimfine chomwe.” N'zoona, ndimaopa. Ndiye?

14 Okutobala
Ndamukakamiza mpaka pachipatala chaching'ono. Anamwino amufunsa ngati kwawo alipo anadwalapo khansa. Iye, “Palibe.” Sananame, kwawo amawerenga kwa ine. Ndinali pabenchi panja, ndauzidwa pobwerera. Amuyeza khomo la chiberekero, lili bwino. Wabwera akuseka. Achimwene atumiza mawu akuti mwaonatu. Kuyeza kumunsi, imfa ya kwa bambo ake ili pachifuwa!

15 Okutobala
A Clotilda pafoni, mawu ochepa. Ndawauza kuti mwana wayezedwa. Ayankha m'Chisena chawo, “Nkhabe, ayi mlamu, si kumeneko.” Akuti Thokozani abwere ku Blantyre, anene mayina onse atatu a odwala khansa kwa bambo ake.

2 Novembala
Sindinalembe. Ndikanalemba chiyani? A Clotilda tawaika ku Marka Lachiwiri. Achimwene anabwera, anapepesa bwino kwambiri.

4 Novembala
Ndagulitsa mbuzi. Minibasi ya ku Blantyre ya Lolemba. Kwa achimwene sindipitakonso, mwanayu sanamubereke ndi iwo.

5 Novembala
Thokozani wavomera za ku Blantyre osakangana nane, ndipo ndi zimene zandiopsa. Ndinakonzeka kulalata. Amayamwitsa pakhonde, khanda kulavula bere lamanzere, kulira, iye n'kulisinthira kumanja mwachangu ngati wazolowera. Ndamufunsa kuti zayamba liti. Wayang'ana pansi. Akuti kuyambira nthawi yokolola mapira.