Mdzukulu Wanga Anayankha Zoona, Ukwati Ukugwedezeka

Aphungu,

Akundilemberayu ndi mnansi wanga, mayi wosoka zovala, poti ine kusukulu sindinapondeko. Ndamuuza alembe mmene ndikuyankhuliramu, asakometse.

Ndine wamasiye, ndakalamba. Mdzukulu wanga wamkazi ndinamulera ndekha mayi ake atatisiya. Mutu wa mwanayo, eee! Analembedwa ntchito pakampani ya ndalama zosagwirika zija, za mufoni, amati tokeni. Akuti umagula lero, mawa zakwera mtengo. Ine sindizimvetsa, koma pampopi aliyense anatopa nane kuti wanga ali mu ofesi ya magalasi.

Mwezi watha kampani inaitanitsa anthu muholo ya hotela. Anandikhazika kutsogolo, ine ndi duku langa latsopano, mafani akuzungulira pamwamba. Mabwana anayankhula, anthu m'manja. Kenaka anamupatsa mwanayo chimkuzamawu aziyankha mafunso. Anaimirira bambo wina wogulitsa nsapato, chipewa m'manja, akuti, "Mwanawe, nditadwala mawa, ndifune kugulitsa tokeni zangazi, agula ndani?"

Ndinaona ndi maso angawa bwana akumutsinzinira. Mwanayo anatembenukira bambo wa nsapato uja. Ndiye akuti, "Bambo, mwina palibe. Zambiri zili m'manja mwa eni kampani. Iwo atagulitsa zawo tsiku limodzi, zanuzo zisanduka mphepo. Musaikemo ndalama ya mankhwala."

Ine ndekha kuimirira, nthungululu! Mpaka mlonda kubwera, "Agogo, chonde." Ndinati, "Chonde chiyani? Ndi wanga ameneyo, pita ukabereke wako!"

Mawa lake ntchito inatha. Anthu anathamangira kugulitsa, mtengo unagwa. Tsono vuto ndi ili. Mwanayu ali ndi mnyamata, dalaivala wa ambulansi, ukwati wayandikira. Bambo a mnyamatayo anagula tokeni zambiri. Atumiza mawu akuti, "Mtsikana wapakamwayu watigwetsera chuma. Agogo ake abwere adzavomere kuti analakwa, apo ayi ukwati kulibe." Mwanayo sakudya. Akungoti, "Agogo, pitani, ndimamukonda."

Ndikavomere chiyani ine? Kuti ndinalera mwana wosanama? Koma misozi yakeyo ikundilasa. Ndipite kodi? Ndatopa, msana wayamba, ndikagone kaye.

Gogo N. M.

Agogo,

Munyadire ndithu. Zimene ananena mdzukulu wanu ndi zimene kampani inayenera kuuza anthu isanalandire ngakhale khobidi lawo: eni ake asunga tokeni zingati, angagulitse liti, ndipo wofuna kutuluka atuluka bwanji. Mwanayo sanagwetse kanthu. Chinthu chimene chagwa ndi yankho limodzi loona chinali chitaima kale ndi mwendo umodzi.

Pitani, koma mupite mmene mumapitira kwa munthu amene nyumba yamupsera, osati ngati wopalamula. Bambo wa mnyamatayo wataya chuma, ndipo manyazi akumudya. Nkosavuta kukalipira mtsikana kusiyana ndi kuvomera kuti anagula osafunsa. Musiyeni ayankhule mpaka athe mpweya. Mukatero muuzeni kuti tsoka lake lakukhudzani, koma zoti mwana analakwa musanene, ngakhale pofuna mtendere.

Mupite ndi thandizo m'manja. Mdzukulu wanu akudziwa mkati mwa kampaniyo. Athandize bamboyo kusonkhanitsa mameseji ndi zonse zimene akampani anamulonjeza, akadandaule ku ofesi yoyang'anira za ndalama. Amuchenjezenso: abwera ena oti, "Gulani zina, zatchipa, zikweranso," ndi ena oti, "Lipirani pang'ono tikubwezereni zanu." Onsewo asawatsegulire chitseko. Nayenso mtsikanayo akafunse ku ofesi ya za ntchito ngati anamuchotsa mwalamulo.

Chenjezo langa ndi ili. M'kalata yanu yonse mwayankhula inu, bwana, mlonda, bamboyo, koma mnyamatayo sindinamumve. Muitaneni, mdzukulu wanu ali pomwepo, mumufunse kuti iye waima pati. Musamuyankhire, ndipo kunyada kwanu kusasankhire mwanayo zochita. Koma mnyamatayo akangoyang'ana pansi, musakakamize ukwati. Misozi ya mwezi uno idzauma. Yosauma ndi ya mkazi amene analowa m'banja atalonjeza kutseka pakamwa.