Majakisoni Aundana

Lolemba, 6 Okutobala
Ku famase, kotengera mankhwala, kachitatu. Pepala la dokotala alikananso. Ati chidindo ndi cha dokotala wamba, pomwe majakisoni amenewa amalemba ndi katswiri wa mafupa yekha. Iyeyo amabwera kamodzi pamwezi. Bambo a ana zala zatupa, kapu akugwira ndi manja awiri. Kalipentala wolephera kunyamula hamala. Abwana awo ati adikira mpaka mwezi uno uthe, kupitirira apo alemba wina.

Lachinayi, 16 Okutobala
Katswiri wasaina. Mphindi zitatu, manjawo osawayang'ana n'komwe. Wa ku famase waitanitsa mankhwala, pepala watenga. Limagwira ntchito kamodzi kokha.

Lachisanu, 24 Okutobala
Afika. Majakisoni anayi m'kabokosi kozizira. Mu basi ndinakafungatira ngati khanda. Wa ku famase anabwereza kawiri: "Pozizira, mayi, koma asaundane." Ndawaika pashelefu yapakati mu fuliji. Anesi abaya woyamba Lolemba. Bambo aseka lero, ati andikhomera chitseko cha kabati chija. Chalendewera zaka ziwiri.

Lamulungu, 26 Okutobala
Dzulo magetsi anazima ine ndili kumsika. Apongozi, poopa kuti mankhwala a mwana wawo atentha, anawasamutsira m'mwamba mwa fuliji, mopangira ayezi. Magetsi atayaka anaiwala. Ndawapeza m'mawa uno ali gwa. Apongoziwo ndinawauza kuti pozizira. Mawu enawo sindinawauze.

Lolemba, 27 Okutobala
Wa ku famase wangopukusa mutu. Akaundana atha mphamvu, ngakhale asungunuke. Kuti aitanitse ena, pepala latsopano. Katswiri pa 13 Novembala. Mwezi ukutha Lachisanu. Ndinachonderera mpaka manyazi kundithera, ati lamulo si lake. Apongozi sakudya. Mtima ukufuna kukalipa, koma ndikalipire ndani? Ndatopa.

Lachitatu, 29 Okutobala
Asungunuka, oyera bwinobwino ngati sanalakwe kanthu. Sindinawataye. Bambo atawaona anapinda okha mkono wa malaya, ndi zala zomwezo, pang'onopang'ono mpaka kumaliza. "Ndibayeni inuyo, mayi a ana. Ngati ndi madzi, akhale madzi."

Ndawabaya. Ola lisanathe anaitana amayi awo, nawauza mokweza kuti akumva kale kusintha. Apongozi adya, mbale yonse.

Hamala ndaika ndine patebulo, bambo anandituma. Sanaikhudze.