Mbale Zanu Zinathetheka mu Maikulowevu

Amayi, kodi kumeneko muli bwanji masiku ano? Ife kuno tili bwino, ndipo ndayamba ndi mawu amenewa dala chifukwa ndimakudziwani. Inu mukaona kalata yaitali mumayamba mwafunsa kuti wamwalira ndani. Palibe wamwalira, m'malo mwake tawonjezekera. Mpongozi wanu, mkazi wa Lazaro, anachira mwana wamkazi nyengo yokolola, ndipo tamutcha dzina lanu, Velonika. Watenga mphumi yanu ndi liwu lanu lomwe. Akalira, mudzi wonse wa Chiparamba umadziwa kuti wadzuka.

Nshawa zabereka chaka chino. Munda wa kudambo uja munkaunena kuti ndi waulesi wakutsutsani, moti Lazaro wamanga nkhokwe yachiwiri. Thonje lokha ndilo latikhumudwitsa, koma mwana wanuyo akuti analibzala mochedwa, ndiye sitikuimba mlandu mvula.

Nkhani imene yandikhazika pansi lero ndi ya Atate. Chichokereni inu, shuga wawo uja anakula. Tsiku lina anagwa m'munda, Lazaro n'kuwapeza ali gone pakati pa mizere. Tinagwirizana kuti abwere adzakhale nane kuno ku Chipata, pafupi ndi chipatala. Kumeneko anatiuza mosapita m'mbali kuti azidya masana pa nthawi yake, chifukwa mankhwala awo akapeza m'mimba muli gwa amawagwetsa. Vuto n'lakuti masanawo ine ndimakhala kusukulu, ndikuphunzitsa sayansi ana a eni. Ndipo inu ndinu munawalera moipa amuna anu. Zaka zonse zija sanasonkhepo moto wophikira, komanso chakudya chozizira sachiyang'ana n'komwe.

Ndiye ndinagula maikulowevu. Simunaione inu imeneyi. Ndi kabokosi ka magetsi kokhala ndi chitseko chagalasi. Umaikamo chakudya, kutseka, kudina, ndipo usanamalize Tikuoneni Mariya katatu chakudya chatentha, popanda makala kapena utsi. Ndinkaphika m'mawa, n'kuwasiyira m'mbale yagalasi, n'kuwaonetsa podina. Masiku oyamba zinkayenda. Ankadandaula kuti chakudya chosaona moto n'chokayikitsa, koma ankadya.

Pochoka kumudzi Atate anatenga zinthu zochepa: korona, chipewa, ndi mbale zanu ziwiri zachitsulo zamaluwa ofiira, zosupuka m'milomo zija. Mukuzikumbukira. Imodzi munkapakuliramo, inayo n'kuvindikira pamwamba, uku mukutiuza kuti chakudya cha munthu wamkulu sichiyenda maliseche.

Lachiwiri lina ndinabwera kuchokera kusukulu n'kuwapeza atakhala panja pansi pa mpapaya, chipewa chili pamaondo. Futali amene ndinawasiyira anali pathebulo m'mbale yanu, osakhudzidwa. Nditawafunsa anangoti, "M'bokosi mwako muja munachita mphezi." Ndinaseka, Amayi, ndipo pamenepo ndinalakwa. Ndinati, "Atate, chitsulo sichilowa mmenemo, ndinaiwala kukuuzani." Ndinaona ngati nkhani yatha.

Sinathe. Mawa lake sanadye masana, mkuja wake chimodzimodzi. Ndikabwera ndinkawapeza akunjenjemera manja, thukuta lili kamukamu, ndipo ndinkathamangira kuwapangira tiyi wa shuga. Ndinayesa kuwasiyira chakudya m'fulasiki, anachikana. Ndinawakalipira ngati mwana wa Giredi 8, kenako n'kupita kuchipinda kukalira, chifukwa ndinkaopa kuti tsiku lina ndidzawapeza agwa m'nyumba muli okha. Loweruka m'mawa ndinawaona akupinda malaya awo n'kumaika m'chikwama.

Ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi awo, monga munkachitira inu mukafuna kuti alankhule. Kenako anati, "Esinati, mwana wanga, mbale yako yagalasi yalowa muja kangati osathetheka? Koma italowa ya amako, moto wabuluu. Amako akwiya nane. Ndinawasiya okha kumanda kuja, ine n'kubwera kudzadya za m'tauni. Ndibwerere kwathu, ndikafere pafupi nawo."

Amayi, mtima wanga unasweka. Masiku anayi onsewo munthu ankadzilanga ndi njala poganiza kuti inu mwamukana, pamene ine ndinkangoti ndi liuma la ukalamba.

Ndinayamba kuwafotokozera monga ndimachitira m'kalasi, ndi mawu a m'mabuku. Sanandilole kufika patali. Anati, "Ine si mwana wako wa sukulu. Mbewu sitiikhulupirira pomva, timaibzala." Pomwepo ndinakumbukira mmene munkayesera nshawa ngati zauma. Simunkafunsa munthu, munkagwedeza khoko pakhutu n'kuluma njere. Ndinati, "Chabwino, Atate, tiyeni tibzale."

Ndinatenga makapu awiri agalasi, ina yopanda kanthu, ina ya madzi, n'kuika onse pamodzi m'maikulowevu, n'kudina. Itaima ndinati agwire. Yopanda kanthu inali yozizira monga inalowera, koma ya madzi inawawotcha chala. Anayang'ana m'kati kufunafuna makala, anagwira makoma a bokosilo n'kupeza kuti sanatenthe. Anati, "Moto wanji wosankha?"

Ndinawauza, ndipo ndikuuzeni inunso, poti munkakonda kudziwa zimene ana anu amaphunzira. Mulibe moto mmenemo. Kuseri kwa khoma lake kuli kachipangizo kamene kamasandutsa magetsi kukhala mafunde osaoneka, abale ake a mafunde amene amabweretsa mawu mu wailesi. Mafundewo amadutsa m'galasi osachita kanthu kwenikweni, koma akapeza madzi amawagwira. Madzi ndi tizidutswa tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo kalikonse kali ndi mbali ziwiri zimene mafundewo amakoka mosiyana. Funde likabwera kamatembenukira uku, likasintha kamatembenukira uko, kambirimbiri munthu asanaphethire. Potembenukapo kamagundana ndi tinzake, ndipo kutentha kumachokera pamenepo. Futali, maungu, nyemba, zonse zili ndi madzi m'kati, n'chifukwa chake zimatentha.

Atate ankangondiyang'ana, ndiye ndinati, "Mukukumbukira Amayi pa chitelele mwezi wa Juni? Ankapita atafunda zitenje ziwiri, koma akatembenuka ndi anzawo nyimbo zitatu, ankabwera thukuta lokhalokha. Panali moto pabwalo paja?" Anaseka pang'ono, koyamba sabata imeneyo, n'kunena kuti, "Amako ankatembenuka kuposa onse." Ndinati madzi a m'futali amavina chomwecho, ndipo nyimbo ikatha mafunde amatheratu monga kuwala kumathera ukazimitsa nyale. Satsalira m'chakudya, kaya anthu amanena zotani m'minibasi.

Anafunsa chifukwa chake mbale imazungulira m'katimo. Ndinati mafundewo amagunda makoma achitsulo n'kumabwerera, ndiye pena amachuluka pena amachepa, ndipo chakudya chikangokhala malo amodzi chimatentha mbali imodzi. Iwo anati, "Ngati chimanga chowotcha." Anafunsanso ngati mafundewo satuluka n'kumuphika munthu woyang'ana. Ndinawaonetsa kasefa kachitsulo kali m'galasi la chitseko. Timabowo take timalola kuwala kudutsa kuti uone chakudya, koma kwa mafundewo n'tating'ono kwambiri, ndiye amabwerera m'kati.

Ndinaona ngati ndapambana, koma amuna anu mumawadziwa. Anati, "Zamadzi ndamva. Za mbale ya amako sunayankhe." Ndinati chitsulo sichilola mafunde kudutsa, chimawabweza, ndipo magetsi amathamanga pamwamba pake mpaka kuthetheka. Iwo anati, "Chitsulo chilichonse? Ngakhale chimene amako sanachigwirepo?" Ndinavomera. Anavala chipewa n'kutuluka osanena kumene akupita.

Anabwera dzuwa lili pamutu, atayenda wapansi mpaka kumsika, munthu wosadya bwino masiku anayi. M'manja munali mbale ziwiri zachitsulo zatsopano, zamaluwa obiriwira. Anati wogulitsayo anafuna kuwapatsa imodzi, iwo n'kumuuza kuti mbale siikhala mbeta. Anapakulira futali m'mbale imodzi n'kunena kuti, "Izi amako sazidziwa. Zikathetheka, ndiye kuti n'chitsulo. Zikapanda kuthetheka, mawa undiperekeze kokwerera basi."

Ana a sukulu sindingawalole kuchita zimenezi, chifukwa zimatha kuwononga chipangizocho ngakhale kuyatsa moto. Koma tsiku limenelo ndinati chiwonongeke, bola Atate atsale. Ndinaika mbale ija, chala changa chili pozimitsira, n'kudina. Inazungulira kamodzi, kawiri, katatu. Sinathetheke, Amayi. Inangozungulira mwaulemu ngati ikupita kukalandira Ukaristia.

Atate anati, "Waona?" Sananene mokondwa. Anatembenuka kupita kuchipinda kumene kunali chikwama chija. Ndinadziwa kuti chitsulo chosalala, chokhala chokha pakati, nthawi zina sichithetheka, koma ndikananena zimenezo pamenepo zikanamveka ngati mphunzitsi akudzikometsera atalephera samu pabolodi. Munkati safunsa anadya phula, ndipo ine sabata yonse sindinawafunse bwinobwino zimene anachita tsiku lija. Ndinawaitana. "Atate, Lachiwiri lija munaika bwanji? Ndionetseni ndi manja anu."

Anabwerera monyinyirika. Anatulutsa mbale ija, n'kutenga inzake, n'kuvindikira pamwamba, osaganiza n'komwe. Ndinati, "Munavindikira?" Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa. "Nanga chakudya chilowe maliseche?"

Ndinatsala pang'ono kuvina. Zitsulo ziwiri zikayandikana osagwirana bwino, magetsi amalumpha kuchoka pa china kupita pa chinzake, ndipo mbale zanu ndi milomo yake yosupukayo zinali zitawakonzera njira. Sindinanene zambiri. Ndinaika mbale zatsopanozo zili chivindikirire, n'kudina. Zisanazungulire ndi theka lomwe, kamoto kabuluu kanalumpha pakati pa milomo yake, thethethe, ndipo ndinazimitsa msanga.

Atate anatsegula okha chitseko, n'kutulutsa mbale zija, n'kuzitembenuza uku ndi uku. Kenako anakhala pampando n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka misozi, ndipo sindikudziwa pamene kusekako kunathera n'kusanduka kulira. Nanenso ndinalira nawo. Atapukuta m'maso ndi chipewa anati, "Ndiye kuti sanakwiye. Ndi mwambo wawo womwe unandiwotcha." Kenako ananenanso kuti, "Esinati, njala."

Ndinatenthetsa futali m'mbale yagalasi, n'kumupakulira m'mbale yanu yamaluwa ofiira, n'kuvindikira ndi inzake, n'kuwapatsa nditagwada monga munkachitira. Anamaliza yense, napempha wina.

Tsopano lamulo la m'nyumba muno ndi limenelo, ndipo analikhazikitsa ndi iwo. Chakudya chimatenthera m'galasi, koma chimadyedwa m'mbale zanu, chitavindikiridwa kuchokera kukhitchini mpaka pathebulo, ngakhale kuti ndi mapazi asanu okha. Masaya abwerera, ndipo kuchipatala akuti shuga wakhala m'malo. Chikwama chija anamasula okha. Asanduka mphunzitsi kuposa ine. Sabata yatha anabwera anzawo awiri a kutchalitchi, ndipo ndinawapeza akuwagwiritsa makapu, uku akuwauza kuti madzi amavina chitelele. Za mbale zobiriwira zija akuti tidzapatse Velonika akadzakula, koma tidzamuuze kuti zisalowe m'bokosi.

Vuto latsala ndi la magetsi, amene masiku ena amathima kuyambira m'mawa. Pa masiku oterowo, khulupirirani kapena ayi, amuna anu aphunzira kuyatsa mbaula. Amatha machesi theka la bokosi, koma amayatsa.

Ndakusowani, Amayi. Tsiku lija ndinalakalaka mukanakhala pakhomo n'kumatiseka tonse awiri, mphunzitsi wosafunsa ndi mlimi woyesa mbale. Ndikudziwa kuti simunawakwiyirepo Atate chifukwa chodya, inu amene munkawatsatira ndi mbale mpaka kumunda.

Sukulu ikatsekera ndidzabwera nawo ku Chiparamba. Tidzalambula pamanda panu, tidzakuonetsani Velonika, ndipo Atate akuti ali ndi nkhani yoti adzakufotokozereni okha, ya mmene madzi amavinira. Mudzawamvetsere moleza mtima, chifukwa amaitalikitsa. Kufikira tsiku limenelo ndikulonjeza kuti sadzagwanso ndi njala, ndipo chakudya chawo sichidzayenda maliseche.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati